Mutu 5: Kabuku ka M'thumba la Wayilesi

1. Maere

Lachitatu masana Wayilesi anafika pakhomo atakwiya, ndipo anakankha chitseko cha chipinda chosokera osaodira. Dzinali anamupatsa ali wamng'ono, chifukwa akayamba kuyankhula sankadikira kuti wina amuyankhe. Tsopano anali mu Fomu 3 pa sukulu ya boma, ndipo ankakhala kwa azakhali ake, omwe anali atelala.

Azakhaliwo anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wa msinkhu umodzi ndi Wayilesi. Iyeyo sanasankhidwe kupita ku sukulu ya boma, choncho amayi ake anamulowetsa ya pulayiveti ya kutsidya kwa msewu, kumene mwana wopanda tayi pakhosi amabwezedwa pageti. N'chifukwa chake onse ankangomuti Tayi.

Azakhali anali akupinda mpendero wa siketi. Sanakweze n'komwe mutu.

"Chitseko chakulakwira chiyani?"

"Si chitseko, Azakhali. Ndi maere."

Nkhani yake inali iyi. Lachisanu kunali mtsutso pakati pa sukulu ziwirizo. Funso linali lakuti: kodi mwana amaphunzira bwino kuti, ku sukulu ya boma kapena ku ya pulayiveti? Sukulu iliyonse inasankha woyankhula mmodzi. Ya boma inasankha Wayilesi, ya pulayiveti inasankha Tayi. Wopambana anali woti atengere sukulu yake katoni ya mabuku a sayansi makumi asanu.

Koma pa mitsutso yotereyi munthu sadzisankhira mbali. Amaika timapepala tiwiri m'chipewa, iwe n'kupisamo dzanja. Wayilesi anatola kapepala komuuza kuti aikire kumbuyo sukulu za pulayiveti. Tayi anatsala ndi za boma.

"Ine ndikatamande sukulu ya uyu?" anatero Wayilesi, akuloza msuweni wake amene anali kulowa, tayi ili m'manja. "Sukulu imene amasintha aphunzitsi ngati malaya?"

"Nanga ine?" anayankha Tayi. "Ndikatamande sukulu imene ana amakhala anayi pa benchi la anthu awiri, wakumapeto thako limodzi lili m'malere?"

"Komatu ife tinachita kusankhidwa, asuweni. Inu malo anachita kukugulirani."

"Malo ogula amabwera ndi mpando wake."

Azakhali anadula ulusi ndi mano.

"Yunifolomu ya sukulu zonse ziwiri ndimasoka ndine, ndipo yonse imang'ambika pamalo amodzi. Tayi, kateleke madzi a tiyi. Iwe, tola mapini amene wagwetsa ndi chitseko chakocho."

2. Timabuku ta a Choko

Apa ndiyambe ndakuuzani za mabuku, apo ayi zotsatirazi simuzimva.

M'kalasi mwa Wayilesi munali ana 96. Mabuku a sayansi analipo anayi. Aphunzitsi ake anali bambo wachikulire amene ana ankamutchula a Choko, chifukwa kumbuyo kwa thalauza lawo kunkakhala koyera tsiku ndi tsiku.

A Choko anayesa kuwawerengera ana mokweza, mawu anasasa. Anayesa kukopera zonse pabolodi, choko chinatha mwezi usanathe. Tsiku lina anagula lezala, nakhala pansi, nadula mabuku onse anayi pamsana. Buku lililonse linali ndi mitu 12, choncho panatuluka timabuku 48. Anabwera nato kwa Azakhali, ndipo iwo anasoka kalikonse ndi ulusi wolimba, nakaveka chikuto cha pepala la thumba la simenti.

Kuyambira pamenepo ana awiri ankalandira kabuku kamodzi kwa sabata imodzi. Wina ankapita nako kunyumba masiku oyamba, mnzake masiku otsiriza. Lolemba lililonse ankasinthana ndi ena. Munthu ukadziwa kuti chinthu uli nacho masiku owerengeka sugona nacho tulo. Ana aja anayamba kukhoza sayansi kuposa maphunziro ena onse.

Vuto linali limodzi. Pa tsamba loyamba la buku lililonse panali chidindo chakuti: Katundu wa boma, osawononga. Mphunzitsi wopezeka atawononga katundu wa boma ankalandira kalata yomudzudzula, ndipo kawirikawiri ankamusamutsira kutali. A Choko anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Ana onse 96 ankadziwa zimenezi, ndipo onse anasunga pakamwa. Icho chinali chozizwitsa, poti mmodzi mwa iwo anali Wayilesi.

Sabata imeneyo Wayilesi anali ndi mutu 7, wonena za magetsi. Akutola mapini, kabukuko kanagwa kuchokera m'chikwama mwake. Anakayang'ana, mkwiyo wonse n'kutheratu.

"Basi, ndapambana kale," anatero.

Anaimirira pakati pa chipinda, nakweza kabukuko m'mwamba.

"Olemekezeka oweruza, ili ndi buku la ku sukulu ya boma. Si lonse ayi. Ndi nthuli chabe. Zidutswa zina zili m'nyumba za anzanga. Ku sukulu ya pulayiveti mwana aliyense ali ndi buku lathunthu. Kodi ndiwonjezerenso mawu?"

Tayi anali atalowa ndi makapu. Anawaika patebulo pang'onopang'ono.

"Ukakatero, ine ndingokhala pansi. Palibe chimene ndingayankhe."

"Mwayamba kuzindikira, asuweni."

"Oweruza ake ndi ndani?" anafunsa Azakhali.

"Alipo atatu. Wamkulu wawo ndi woyendera sukulu."

Phazi la Azakhali linachoka pa makina.

3. Mawu a Azakhali

"Khala pansi," anatero Azakhali. "Usandidule mawu. Ndikudziwa kuti kwa iwe imeneyo ndi ntchito yaikulu, koma yesa.

"Kabuku kameneko ndinasoka ndine. Tsiku limene aphunzitsi ako anabwera nato timabukuto, ankangocheukacheuka ngati wakuba. Munthu wamkulu, wa imvi, kuchita mantha chifukwa cha mapepala. Sanadule mabuku amenewo kuti akagulitse kapena akakulungire katundu. Anadula kuti iwe ndi anzako muwerenge. Anaika ntchito yawo pa lezala chifukwa cha ana a eni. Lero iwe ukufuna kutenga chimene anakupatsa mobisa ukachikweze m'mwamba pamaso pa bwana wawo.

"Ukuti ukufuna mabuku makumi asanu. Sindikukana, ndi chinthu chabwino. Koma ndikufunse. Katoni ikafika, aphunzitsi n'kuchoka, adzakuphunzitsani ndani? Katoni? Buku silifunsa mwana ngati wamva.

"Ine pa ntchito yangayi ndimadziwa zambiri. Ndimadziwa amene mimba yakula, amene waonda ndi matenda, amene malaya ake a tchalitchi ali ndi zigamba mkati. Ndikanakhala woulutsa, bwenzi makina awa atachita dzimbiri kalekale. Munthu akakuvulira kuti umuyeze, sanakuuze kuti ukauze msewu wonse.

"Ndipo nsalu ukaidula, yadulidwa. Ukhoza kulumikiza, koma msoko umaoneka. Mawu nawonso ndi choncho. Anthu adzaomba m'manja mphindi imodzi, kenako aliyense wa kwawo. Otsala ndi nkhaniyo adzakhala aphunzitsi ako."

"Koma si bodza, Azakhali. Ndi zoona."

"Ndi zoona, inde. Koma zoona zimenezo mwini wake ndi ndani? Ndiwe?"

Wayilesi anayang'ana mapini a m'manja mwake.

Tayi anakanda m'mutu. "Amayi, nanenso ndili ndi pempho. Kalata ija anandibweza nayo teremu yatha, fizi itachedwa. Ndingakaionetse?"

Azakhali anaseka.

"Manyazi amenewo ndi anga, ndipo ndakupatsa. Ili m'chitini cha mabatani. Ndinachedwa kulipira, sindinabe." Anatembenukira kwa Wayilesi. "Waona? Uyu wafunsa mwini wake. Safunsa anadya phula. Imwani tiyi, akuzizira."

4. Kwa mwini wake

Lachinayi pa nthawi yopuma Wayilesi anatsalira m'kalasi. A Choko ankafufuta pabolodi ndi kansanza. Anawafotokozera zonse mu mpweya umodzi.

A Choko anakung'untha kansanza kaja pa zenera.

"Mabuku ndinadula ndine, mwana wanga. Ukawaonetsa, n'kundifunsa, sindidzakana. Munthu wa zaka zanga sayamba kuphunzira bodza."

"Ndiye mukundiloleza?"

"Sindikukuletsa, sindikukutumanso. Tamvera. Sukulu ngati yathuyi imalandira mwana aliyense wofika pageti. Ana amachuluka chaka ndi chaka, koma mabuku saberekana. Ndakhala ndikulemba makalata opempha, ndipo mayankho ake ndi aulemu kwambiri. Amati tamva, dikirani. Kutsidyako kholo limalipira lero, buku n'kugulidwa mawa. Koma kholo likalephera, mwana amatsala kunja kwa geti pamodzi ndi buku lakelo. Uku kuli bala, uko kuli bala. Inu mawa mukakangana kuti lalikulu ndi liti.

"Mabuku makumi asanu si nkhani yamasewera. Nanenso ndikuwafuna. Ndikanama ndikanati sindikuwafuna. Komanso ndikufuna kutsiriza chaka changa m'kalasi muno, ndi inu, osati kumalo kumene sindidziwako munthu. Zonse ziwiri ndikuzifuna."

"Nanga ine nditani, aphunzitsi?"

"Funso limenelo mulibe m'mutu 7."

Belu linalira. Ana anayamba kulowa mokankhana, aliyense kuthamangira kuti asakhale wakumapeto kwa benchi.

5. M'holo

Mtsutso unachitikira ku sukulu ya pulayiveti, poti ya boma inalibe holo. Pansi pake pankanyezimira. Mipando inali ya pulasitiki, aliyense wakewake. Ana a ku boma anayamba akhala awiriawiri pa mpando umodzi mwachizolowezi, mpaka mlonda anawauza kuti mipando ilipo yokwanira.

Oweruza atatu anakhala kutsogolo. Pakati panali woyendera sukulu, bambo wamfupi wa magalasi, ali ndi kabuku kolembamo. Katoni ya mabuku inali pambali pawo, yomata bwino. A Choko anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo.

Wayilesi sanasiye kabuku kaja kunyumba. Kanali m'thumba la siketi yake, limodzi ndi mpango. Azakhali ankasoka matumba akuya.

Anayamba ndi Tayi. Anakonza tayi yake, natsokomola.

"Olemekezeka oweruza, sukulu ya boma sifunsa za m'thumba la kholo. Mwana wa mlonda ndi mwana wa dokotala amakhala pa benchi limodzi. Mwina mothithikana, koma limodzi."

Anthu anaseka.

"Aphunzitsi a ku boma amakhalitsa. Kutsidyaku kuli aphunzitsi a sayansi amene anaphunzitsa ana, lero akuphunzitsa ana a ana awo. Kuno chaka chino chokha sayansi atiphunzitsa anthu atatu. Wachiwiriyo anachoka tisanamupezere n'komwe dzina."

Ana a pulayiveti anafa nacho chiseko. Mphunzitsi wamkulu wawo anayang'ana kudenga.

Kenako Tayi anatulutsa kalata ija, naiwerenga yonse. Inkati mwanayu asabwere kusukulu mpaka fizi italipiridwa. Anaipereka kwa oweruza.

"Ndinakhala pakhomo masiku asanu ndi anayi. Sindinadwale, sindinalakwe. Nditabwerera, anzanga anali atamaliza mutu wa kagayidwe ka chakudya m'thupi. Anandiphunzitsa mutu umenewo ndi msuweni wangayu, wa ku sukulu ya boma. Ine ndinali ndi buku langalanga chaka chonse. Iye mutuwo anali nawo sabata imodzi yokha, koma ankaudziwa ngati nyimbo. Tsono ndiuzeni amene akuphunzira bwino."

Anakhala pansi anthu akuomba m'manja.

Wayilesi anaimirira.

"Olemekezeka oweruza, ndikupempha kuti msuweni wanga atsegule chikwama chake."

Tayi anatsegula monyinyirika. Wayilesi ankatulutsa mabuku limodzilimodzi, holo yonse ikuwerenga naye. Anakwana asanu ndi anayi.

"Mwana ameneyu msana umamupweteka chifukwa cha mabuku. Matenda amenewo kwathu sitinawamvepo. Kuno m'kalasi muli ana 30, ndipo mphunzitsi amadziwa amene sanalembe ntchito. Kwathu aphunzitsi akamaliza kuitana mayina, theka la phunziro lapita. Kuno ana amagwira zipangizo za sayansi ndi manja. Ife timaziona pa chithunzi, n'kulemba pa mayeso kuti tinaona madzi akusintha mtundu. Kuno zenera likasweka, kholo limafunsa, chifukwa linalipira. Kwathu zenera likasweka timati mpweya wabwino."

Apa ngakhale oweruza anaseka. Wayilesi anayankhula mpaka kabelu ka nthawi kanalira, ndipo anayankhula bwino.

Itafika nthawi ya mafunso, woyendera sukulu anavula magalasi.

"Mtsikana, wayankhula zomveka. Koma mnzako watipatsa kalata, chinthu chogwirika. Iwe watisonyeza mabuku, koma ndi a mnzako yemweyo. Za kusukulu kwanuko tangomva ndi makutu. Uli ndi umboni uliwonse m'manja?"

Ana a Fomu 3 a ku boma onse ankadziwa chimene chinali m'thumba lija. Ena anayang'ana katoni. Ena anacheukira kumbuyo. A Choko ankayang'ana nsapato zawo.

Wayilesi anapisa dzanja m'thumba. Linakhalamo kanthawi. Potuluka linali ndi mpango. Anapukuta pamphumi, naupinda bwinobwino.

"Umboni wanga ndi mawu anga, bwana. Ndilibe china chokupatsani."

"Chabwino." Woyendera sukulu analemba kenakake. "Funso lina. Mnzako wati mutu uja unali nawo sabata imodzi yokha. Chifukwa chiyani?"

Tayi anagwira pakamwa. Anali atangozindikira kumene chimene ananena.

"Mabuku tili nawo anayi, bwana. Ife tilipo 96. Timasinthana."

"Mabuku anayi, ana 96, ndipo aliyense amapita nalo kunyumba sabata yathunthu? Masamu amenewo akundikanika. Zimatheka bwanji?"

Akanati sakudziwa, likanakhala bodza. Akanangokhala chete, mwina zikanathera pomwepo. Koma pakamwa pozolowera kuthamanga sipadikira mwini wake.

"Bwerani mudzaone nokha, bwana."

Anthu anaseka, poyesa nthabwala. Woyendera sukulu sanaseke. Analembanso m'kabuku kake.

Oweruza anagundanitsa mitu kwa mphindi zochepa. Tayi anapambana ndi mapointi awiri. Anati onse anayankhula bwino, koma wina anabweretsa umboni, wina sanabweretse. Choncho mwana wa pulayiveti anapambana poikira kumbuyo sukulu za boma, ndipo katoni inatsala ku sukulu ya pulayiveti.

Pageti woyendera sukulu anaima pamene panali Wayilesi.

"Sikawirikawiri munthu kundiitana. Ambiri amandithawa. Ndibwera Lolemba m'mawa, belu loyamba. Wandiitana ndiwe, ndiye udzandionetse ndiwe."

6. Masiku awiri

Dzuwa lisanalowe onse anali m'chipinda chosokera. A Choko anabwera okha, osaitanidwa, nakhala pa mpando wa makasitomala.

"Katoni yako ili kuti, ngwazi?" Azakhali anafunsa Tayi.

"Aiika m'chipinda cha mabuku, pamwamba pa makatoni ena."

"Mwaona, Azakhali? Wapambana ndi sukulu yanga, mabuku wapatsa yake. Wakuba ameneyu."

"Maere, asuweni. Ine ndinangotola chotsala."

A Choko anadikira kuti atsirize.

"Ndinaliona dzanja lako likulowa m'thumba," anatero. "Ndinayamba kale kuwerenga masutikesi amene ndili nawo kunyumba. Zikomo, mwana wanga."

"Musathokoze msanga, aphunzitsi," anatero Wayilesi. "Woyendera sukulu sanatenge ngati nthabwala. Akubwera Lolemba. Akuti ndidzamuonetse ndine."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi.

"Dzanja linamvera, pakamwa n'kukana. Chabwino, kulira sikusoka malaya. Tili ndi masiku awiri. Timabukuto tili m'nyumba 48. Uyu akathamanga mawa tsiku lonse n'kutolera, Lamulungu ine ndisomola ulusi, ndilumikize, ndimate nsalu pamsana. Lolemba bwanayo adzapeza mabuku anayi patebulo. Okalamba, koma mabuku."

"Ndiye Lachiwiri ana 92 abwerere kukayang'ana pabolodi?" anatero a Choko. "Ayi, mayi. Lero ndaona mwana akutaya katoni ya mabuku chifukwa cha ine. Ndikabisanso, ndiye kuti anataya pachabe. Munthuyo abwere, aone mmene zilili."

"Akakusamutsani?"

"Masutikesi ndawerenga kale. Alipo atatu."

"Musandiseketse, bambo. Dzulo lomweli mumafuna kutsiriza chaka chanu pompano."

"Ndikufunabe."

"Ndiye tisoke."

"Tisasoke."

Anakangana choncho kanthawi, ngati ana a Fomu 1. Pomaliza Azakhali anatembenuka pa mpando wawo.

"Tikutaya nthawi. Anaitanidwa ndi uyu, ndipo adzamuonetse ndi uyu. Nena, iwe. Mawa ukutolera kapena ayi?"

Wayilesi anaimirira, napachula chikwama chachikulu chonyamulira nsalu pa msomali.

"Aphunzitsi, mundilembere mayina a onse amene ali nato. Asuweni, mawa mukundiperekeza. Pakamwa panu ndi pamene panayambitsa za sabata imodzi."

"Nyumba 48? Ndi miyendo yangayi?"

"Msana wanu unazolowera kunyamula mabuku."

Azakhali anatsegula kabati ya ulusi. "Ndiye tikusoka."

"Sindinanene zosoka, Azakhali," anatero Wayilesi, akuika mutu 7 m'chikwamamo kuti ukhale woyamba. "Ndati ndikatolera tonse. Asanapite, bwanayo adzawerenge timabuku tonse 48 ndi manja ake, aone kuti palibe katayika."